Galimoto ya a Dennis Inachoka Osalira

Lachinayi lapitali ndinaima pa kamsewu kena ku Foleshill, mu Coventry muno, ndikuonerera galimoto ikukokedwa ndi chingwe kukwera pa thirela. Manyazi ndawachitapo m'moyo muno, koma a tsiku limenelo akundiyabwabe kumaso mpaka lero.

Ambiri mukudziwa kuti ine ndimagwira ntchito ya keya, yoyendera okalamba m'makomo mwawo. Mmodzi mwa anthu amene ndimawasamala ndi bambo wina amene pano ndingowatchula kuti a Dennis, ngakhale si dzina lawo. Ndi mzungu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, wobadwira mu Coventry momwemuno. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'fakitale ya magalimoto, kulumikiza zitseko. Sitiroko inawapuwalitsa dzanja ndi mwendo wakumanja, ndipo akazi awo anatisiya kale.

Kuseli kwa nyumba yawo kuli galaja, ndipo m'menemo ndi mmene munali mtima wawo. Galimoto ya mtundu wa Corvette, yabuluu, ya m'zaka za m'ma 1960, yochokera ku America. Mipando iwiri basi, chiwongolero kumanzere, mphuno yaitali, ndipo ndi yotsika moti polowamo umachita kukhala ngati ukukhala pansi.

Tsiku loyamba kuiona ndinafunsa funso lachimalawi: "Nanga katundu mumaika pati?"

A Dennis anaseka mpaka kutsokomola. "Mada, imeneyi si ya katundu. Ndi yoimvera."

Anandifotokozera kuti ali mnyamata anaiona koyamba yamtundu umenewu pachionetsero cha magalimoto. Mwini wake atailiza, iwo anaimva pachifuwa isanafike m'makutu. Tsiku lililonse kufakitale ankaona magalimoto ofanana akudutsa pamaso pawo, ina pambuyo pa inzake, koma maganizo ali pa ijayi. Atapuma pantchito anapeza ina yakufa, yosayenda, n'kuigula. Anaikonza ndi manja awo kwa zaka zingapo, akazi awo atakhala pa kampando pambali n'kumawapatsira masipanala.

Ndiye pempho lawo linali limodzi, ndipo linkabwera Lachinayi lililonse ndikangomaliza kuwameta ndevu.

"Mada, tandikankhira kugalaja. Ukhale pa chiwongolero, utembenuze kiyi, ilire pang'ono chabe. Galimoto ikangokhala imafa."

Ine yankho langa linalinso limodzi. "Pepani a Dennis, zimenezo mulibe mu keya pulani." Kwa amene simuli mu ntchitoyi, keya pulani ndi chipepala chimene ofesi imalemba cha zoyenera kumuchitira munthu: kumusambitsa, mankhwala, chakudya. Nthawi zina ndinkawonjezera za inshuwalansi. Nthawi zina ndinkayang'ana wotchi kuti aone okha kuti munthu wina akundidikira.

Iwo ankangoti, "Chabwino, mwina sabata yamawa."

Miyezi isanu ndi itatu, abale anga, ya "mwina sabata yamawa."

Tsono ndikuuzeni zimene sindinawauze a Dennis. Nthawi ndinali nayo. Ndikatuluka m'nyumba mwawo ndinkakhala m'kagalimoto kanga panja pompo, chotenthetsera chikuyaka, ndikuonera timavidiyo pa foni mpaka nthawi ya shifti ina ikwane. Zoona zake n'zakuti ndinkaona ngati n'zachibwana. Pagulu la anzathu kutchalitchi ndinaisandutsa nthabwala. "Azungu awa! Munthu sangathe n'komwe kudzimangira batani la shati, koma akudandaula za chitsulo." Anthu ankaseka, ine n'kumamva kukoma.

Ndipo pali china choipa kuposa pamenepa. Tsiku lina anandituma kukatenga nandolo mu fiiza, filiji youmitsa zakudya imene ili m'galajamo. Ndinavundukula chinsalu chimene chinaphimba galimotoyo, n'kuitsamira, mwendo wina pamwamba pa unzake, n'kudzijambula. Chithunzicho ndinachiika pa sitetasi. Mng'ono wanga ku Kasungu analemba kuti, "Achimwene, koma ndiye zayamba kuyenda!" Mukuganiza ndinamuuza kuti si yanga? Ndinamutumizira kankhope komwetulira.

Yojambulitsa inali yabwino. Koma kuti ndiilize mwini wake aimve, ndinkati keya pulani.

Ndiye Lachinayi lapitali nditafika ndinapeza chitseko cha galaja chili pululu, ndipo panja paima thirela. Mwana wawo wamkazi, Karen, anandikokera pambali. Anati bambo ake agwa kawiri mwezi uno, ndipo apeza malo kunyumba yosungira okalamba. Nyumba igulitsidwa, galimoto yapeza kale mwini watsopano.

Wogulayo anali bambo wachikulire wovala nduwira, wochokera ku Smethwick, amene ali kale ndi magalimoto ena awiri akale a ku America. Ndinawakankha a Dennis pa wilitcheya mpaka pakhomo la galaja, ulendo woyamba kuwafikitsa pamenepo. Bamboyo sanathamangire kulowa m'galimotomo. Anaizungulira pang'onopang'ono, akuisisita ndi kumbuyo kwa dzanja kuti mphete yake isaikande. Kenako anagwada pafupi ndi wilitcheya n'kuyamba kufunsa za kabuleta ndi magiya.

A Dennis amene ine ndimawadziwa amalankhula movutikira, mawu amachita kukoka. Koma apa mawu ankangotuluka okha. Dzanja lamanzere likuloza uku ndi uku, maso akuwala. Miyezi yonse ija ndikuwasambitsa, sindinawaonepo chonchi.

Kenako bamboyo anafunsa kuti, "Inalira liti komaliza?"

A Dennis anandiyang'ana. Kanthawi kochepa chabe. Kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Papita nthawi ndithu. Thupili silikundilola."

Sananditchule. Bola akanandinena, mwina ndikanapeza podzitetezera.

"Ndikufuna ndiimveko kamodzi isanapite," anatero a Dennis.

Wogulayo anakatenga batire lake n'kulumikiza. Anakhala pa chiwongolero, anaponda moto kawiri, n'kutembenuza kiyi. Injini inatsokomola, khe khe khe, n'kusiya. Anayesanso. Inatsokomolanso, ndipo m'galaja monse munadzaza fungo ngati la penti wakale. Bamboyo anatuluka akupukusa mutu. Anati petulo anawonongeka chifukwa chokhalitsa, ndipo kuikakamiza kungaononge zambiri. Akaitsuka bwinobwino kwawo.

"Mwaganiza bwino," anatero a Dennis. "Musaivulaze."

Tinaikankha kutuluka nayo panja, ine kumbuyo, Karen ndi bamboyo m'mbali. Chingwe chinaikoka kukwera pa thirela. Galimoto imene mwini wake anaikondera kulira kwake inachoka pakhomo pawo mwakachetechete ngati ngolo. A Dennis anaitsatira ndi maso mpaka inakhota.

Madzulo ndinawafotokozera amayi akunyumba, amene ndi namwino kuchipatala. Ndinayamba ndi kudzikometsera, kuti malamulo a ntchito yathu ndi ovuta. Iwo anangondifunsa kuti, "Kodi abambo, ku ofesi munafunsako?"

Sindinafunseko.

M'mawa mwake ndinaimbira bwana wathu, ndikuyembekeza kuti andiuza kuti n'zosatheka, mtima ukhale pansi. Anati akanafuna kaye kulankhula ndi mwana wa a Dennis, aone ngati malowo ndi otetezeka, chitseko chizikhala chotsegula chifukwa cha utsi. "Koma zinthu ngati zimenezi timazilemba mu pulani, Mada. Bwanji sunanene?"

Ndinangoti zikomo n'kudula.

Tsopano ndikufuna ndilankhule nanu, anzanga amene tinabwera kuno ndi ma viza a keya, kaya muli ku Smethwick, ku Coventry kapena kulikonse. Timanyadira kuti ife Amalawi ndi Azambia timadziwa kusamala akuluakulu. Timati kwathu nkhalamba sitiitaya, azungu ndiwo amataya makolo awo. Ndazinenapo ineyo mokweza kangapo. Koma kusamala kumene timadziwa n'kotani? Munthu wadya, wasamba, wamwa mankhwala, tachonga pa foni, tapita. Chimene iye amadzukira m'mawa, ngati sitikuchimvetsa, timachitcha misala.

Ndipo magalimoto akalewa timawaseka kwambiri. Kwa ife galimoto ndi yopitira kuntchito, kapena yoti anthu akwathu aone kuti tafikapo. Tikamva kuti munthu akusunga galimoto yomwa petulo ngati chidakwa, yopanda malo a ana, imene amaitulutsa dzuwa likawala basi, timati ndalama zamusowetsa chochita. Ine ndinali woyamba kunena zimenezo.

Koma ndinaona amuna awiri aja m'galaja. Wina mzungu wa m'fakitale, wina bambo wa nduwira, sanaonanepo chibadwire, koma pa mphindi zochepa anali ngati abale. Anthu amenewa sakonda chitsulo chabe. Magalimoto a masiku ano ukatsegula kutsogolo umangoona pulasitiki ndi mawaya, akavuta umapita nawo kwa wa kompyuta. Akale aja chilichonse chili poyera. Umachiona, umachigwira, umachikonza wekha, ndipo ikalira umadziwa kuti yalira chifukwa cha manja ako. Kwa munthu amene manja ake anasiya kumumvera, mukuganiza kulira kumeneko kunali kochepa?

Sindikunena kuti tiziphwanya malamulo a ntchito. Tonse tikudziwa kuti viza yathu yapachikika pa ntchitoyi, ndipo kulakwitsa kamodzi kungakubweze kumudzi ndi banja lonse. Mantha amenewo ndi enieni. Koma tisanamizane. Nthawi zambiri lamulo timalitchula pofuna kuti nkhani ithe msanga. Kufunsa sikuchotsetsa munthu ntchito.

Loweruka ndinapita komaliza kwa a Dennis. M'nyumba munali makatoni okhaokha. Ndikuwapesa tsitsi ndinayesa kupepesa. Anandidula.

"Zisiye, Mada. Unali ndi ntchito yako."

Kenako anandifunsa kuti, "Bambo ako alipo?"

Ndinati alipo, ali ku Kasungu, akalamba nawonso.

"Iwo amakonda chiyani? Chimene akachigwira amaiwala kudya?"

Ndimawaimbira bambo anga Lamlungu lililonse. Ndimadziwa dzina la mankhwala awo a BP, ndimadziwa bondo limene limawavuta kukazizira, ndimadziwa kuti denga la kukhitchini likudontha. Koma chimene chimawawalitsa maso sindikuchidziwa, ndipo zaka makumi anayi zonsezi sindinawafunsepo.

A Dennis anadikira yankho kanthawi, kenako anagwedeza mutu pang'ono n'kundipempha kuti ndiwapatsire magalasi awo.

Nanga inu, a kwanu amakonda chiyani?