Bambo anga sanaledzere

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga, a Lafaele, anakwera boti kuchilumba cha Mbenji koma osafika kumtunda. Unali mwezi wa Juni, mwera utalusa. Onse amene anakwera nawo anatsika bwinobwino padoko lathu ndi madengu awo a utaka, zigubu ndi mphasa. Chikwama cha bambo chinatsikanso, wina atachikoleka paphewa. Eni ake okha ndiwo kunalibe.

Ine ndinali pomwepo pamchenga ndi mayi, tikudikira nsomba zoti tikayanike. Mayi anafunsa woyendetsa botilo, a Jafali, bambo wamtali wopemphera Chisilamu amene ankagwirizana kwambiri ndi bambo. A Jafali anasuzumira m'boti, natukula lona lomwe linali kumbuyo, n'kutembenukira kunyanja. Kenako anangokhala pansi.

"Ndinawaona akutuluka pansi pa lona," anatero. "Ankadzandira ndi kusanza ngati munthu woledzera. Funde lalikulu litamenya ine ndinatanganidwa ndi injini. Ndimayesa adutsa kuseri kwa madengu, apita kutsogolo."

Akutsogolo nawo ankayesa ali kumbuyo. Maboti anabwerera kukafufuza, apolisi anabwera, asodzi anakoka makoka m'malo onse amene ankawaganizira. Masiku anapita, osapezeka ngakhale nsapato.

Koma mawu a a Jafali aja ndiye anayenda, abale inu! Madzi akatayika saoleka. Pofika pamsika wa Khombedza nkhaniyo inali itanenepa: akuti a Lafaele anabisa kachasu m'chigubu cha petulo, anamwa usana wonse, nyanja yawalanga. Tsono mumvetse kulemera kwa bodza limeneli kwathu kuno. Ku Mbenji kuli malamulo ake a makolo: mowa sufika, njuga ayi, ndipo mkazi saponda. Munthu woledzera pochokera kuchilumba ndiye kuti wanyoza mwambo, waika miyoyo ya asodzi anzake pachiswe. Wotere salilidwa ndi mtima wonse.

Bambo anga anasiya mowa ine ndisanabadwe, ndipo ankaimba besi m'kwaya. Komabe akuluakulu a mpingo anabwera kunyumba, nakhala pamkeka, n'kunena mozungulira kuti mwambo wa mapemphero uyambe wadikira kufikira nkhani itamveka bwino. Achibale a bambo ankafuna kuwasudzula mayi msanga kuti manyazi athe. Kusukulu anasiya kunditcha Esinati, ankanditcha mwana wa chidakwa. Mtsikana wina amene ankakonda kuyamba nyimbo imeneyo ndinamuluma pamkono, ndipo sindikupepesa, ngakhale lero tikakumana timapatsana moni.

Mayi anga sanali munthu wolongolola. Anangouza achibalewo kuti, "Bambo a Esinati sanalawe mowa. Kundisudzula mundisudzula, koma poyamba dzina lawo liyere." Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti chilumbacho chinkaoneka apo, koma iwo poti ndi mkazi sakanatha kupitako kukafunsa amene anagona ndi kudya ndi amuna awo. Ndiye anasandutsa doko kukhala bwalo lawo. Boti lililonse likakocheza ankalowa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje chitanyowa, n'kumafunsa mmodzimmodzi: munawaona akumwa? Botolo munaliona ndi maso anu? Palibe amene analiona, koma aliyense anali atamva kwa mnzake. A Jafali okha ndiwo mayi anasiya kuwafunsa, ndipo anasiyanso kuwapatsa moni.

Mu Ogasiti kunamveka mphekesera yoti padoko lina kumpoto nyanja yalavula mtembo wa mwamuna. Kumeneko msewu unali wovuta, ndipo boti lokhalo lopita m'mawa umenewo linali la a Jafali. Mayi anatitenga ine ndi mlongo wanga Yamikani, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Potisiya panalibe, poti achibale tinali titasemphana nawo.

Botilo linali lamatabwa, lodzaza matumba a mchere ndi amayi a geni ya nsomba. Injini yake inali nkhalamba yotsokomola, chivundikiro chake chinatayika kalekale. Kuti mafunde asaithire madzi ankaiphimba ndi lona lalikulu labuluu, lofika mpaka pathabwa lomaliza lokhalapo anthu. Pakati pa injini ndi thabwalo pankatsala kamalo kouma ndi kofunda. Aliyense wokwera boti nthawi ya mwera ankakasirira kamalo kameneko, ndipo mwaulemu wake ankapatsidwa odwala, okalamba kapena ana.

Titayenda pang'ono mafunde anayamba kutiwaza. Yamikani mano anali gwedegwede. A Jafali analankhula osayang'ana mayi kumaso.

"Mayi, anawa anyowa. Alowe muno."

Mayi anangogwedeza mutu, ifenso tinakwawira pansi pa lona tikusangalala. Munali mofunda ndithu. Kuwala kunkalowa kwabuluu, injini ikunjenjemeretsa matabwa pansi pathu, fungo la petulo likumveka koma osati loti n'kutithamangitsa. Mwera unkawomba kuchokera kumbuyo, boti likuyenda mwaulesi chifukwa cha katundu. Tinasewera pang'ono kuwerengana zala. Kenako mutu unayamba kundiwawa pamphumi, ngati ndasenza ndowa yodzaza mtunda wautali. Ndinafuna kuuza Yamikani kuti tituluke, koma lilime linalemera, ndipo tulo take tinali tokoma zedi. Ndinati ndingotsinzina pang'ono.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Yamikani mseru utamugwira anakwawa n'kutuluka. Anaimirira, nayamba dzandidzandi kulowera m'mphepete mwa boti kuti akasanzire m'madzi. Mayi wina wa geni anaseka n'kunena kuti, "Taonani kamwanaka, kakuyenda ngati kaledzera!" Nthawi yomweyo boti linapendama, mwana mutu unatsogola kunja. Mayi anga anadumpha matumba awiri n'kumugwira kabudula. Akanachedwa pang'ono chabe, bwenzi tikufufuza anthu awiri.

Anamukumbatira, namununkhiza m'kamwa. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, amene m'mawa umenewo anangomwa phala. Mayi anayang'ana a Jafali, a Jafali nawo anayang'ana mayi. Kenako mayi anakuwa dzina langa, ine zii. Anagwira lona lija ndi manja awiri n'kulikoka mwamphamvu mpaka chingwe chinaduka, mphepo n'kulitenga. Anandipeza nditagona chammbali, thupi lili lendelende. Anandikokera kutsogolo, kumphepo, akundiomba mbama ndi kundithira madzi. Chimene ndikukumbukira ndi kudzidzimuka ndikusanza pamatumba a mchere a eni ake, tsaya likuyaka, mayi akukalipa kuti, "Zimitsani chinthucho! Zimitsani!"

A Jafali anazimitsa injini, amuna n'kupalasa ndi nkhafi mpaka kumtunda. Kumpoto kuja sitinafikeko, ndipo pambuyo pake tinamva kuti mtembowo unali wa munthu wina, abale ake anali atautenga kale.

Kuchipatala anatigoneka, ine n'kundiika chopumira kumphuno. Adokotala, mayi wachitsikana wolankhula mofatsa, anafunsa pamene tinakhala m'botimo. Atamva za lona anapukusa mutu. Anati mu utsi wa injini, ngakhalenso wa mbaula ya makala, mumakhala mpweya wina woipa umene suoneka ndipo sununkha, dzina lake kaboni monokisaidi. Pamtetete mphepo imaumwaza, koma ukatsekeredwa umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amamva mutu, chizungulire, mseru ndi tulo, miyendo n'kufooka, maganizo n'kusokonekera.

"Nanga akakhala munthu wamkulu, wamphamvu zake?" anafunsa mayi.

"N'chimodzimodzi, mayi. Womuona angayese waledzera."

 Mayi analira kulira kumene sanalire tsiku lija padoko, mokweza, osabisa nkhope, mpaka odwala ena anadzuka pamabedi. Ine ndinachita mantha, ndimayesa adokotala anena kuti ndifa.

Titatuluka tinapeza a Jafali atakhala pansi pa mtengo panja pa chipatala, kofia ili m'manja. Anali atatitsatira. Atationa anaimirira.

"Mlamu," anatero kwa mayi, "tsiku lija a Lafaele anali ndi malungo, ankanjenjemera. Pansi pa lona panali patakhala kale munthu wina. Ndine ndinamuchotsa, n'kuwaika iwo kuti afundidwe. Wallahi, ndikulumbira pa Mulungu, ndimayesa ndikumuchitira zabwino mnzanga."

Ndinkayembekeza kuti mayi awalumphira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Koma anangomanga chitenje chawo bwino n'kunena kuti, "Zimenezo musandiuze ine, ine ndimadziwa kale kuti sanamwe. Mukanene pamene munanenera zija. Mukatero mukanenenso kutchalitchi."

"Kutchalitchi, ine?"

"Pakhomo pokha mukhoza kuima. Mawu alowa okha."

Ananenadi. Padoko ananena maboti atangokocheza, anthu ali ambiri, mayi ataima pambali pawo atagwira Yamikani padzanja. Ena anatsutsa, amvekere utsi tinayamba kuupuma kalekale, bwanji sitinafe? Mayi anawayankha kuti amene akukayika akalowe yekha pansi pa lona injini ikulira, koma ayambe watsanzika kwawo. Palibe anadzipereka. Lamulungu lotsatira a Jafali anaima pakhomo la tchalitchi chathu atavala mkanjo wawo woyera, nafotokoza zonse kuyambira malungo mpaka lona, osadzichepetsera mlandu. Mkulu wa mpingo amene anatiuza zodikira uja anaweramitsa mutu nthawi yonseyo. Sabata yomweyo kwaya inabwera kunyumba, ndipo mayi analola kusudzulidwa.

Sindinganame kuti tikudziwa zonse. Palibe anaona bambo akugwera m'madzi, ndipo thupi lawo silinapezeke mpaka lero. Manda alibe. Alipo ena amene amanong'onabe kuti anathawira ku Mozambiki, ali ndi mkazi wina. Kwa apolisi nkhani yawo ndi ya munthu wosowa basi. Pali masiku amene zimenezi zimandiwawa ngati zachitika dzulo, makamaka ndikaona anzanga akukalambula manda a makolo awo.

Panopa ndine mayi wa geni ya nsomba, ndipo maboti ndimakwera kawirikawiri. Oyendetsa onse a m'mbali muno amandidziwa, ena akandiona amang'ung'udza kuti wabwera wovuta uja. Ndikapeza lona litaphimba injini ndi anthu pamodzi ndimalikoka, osapempha. Ndikapeza mbaula ikuyaka m'kachisakasa kotseka ka m'boti ndimaitulutsa. Ananditukwanapo, wina anafuna kunditsitsa pakati pa ulendo, koma bola mwana anyowe, kunyowa kumauma. Ndipo munthu akayamba kudzandira m'boti, ndimauza anthu kuti mafunso a chimene wamwa adzabwera kumtunda. Choyamba mugwireni, mukhazikeni pamphepo, ndipo musamuchotse diso.

A Jafali ndinawakhululukira mochedwa, nditakula. Chinandivuta kumvetsa ndili mwana n'chakuti bambo anga sanaphedwe ndi mdani. Anapatsidwa malo abwino koposa m'boti lonse ndi munthu amene ankawakonda, ndipo munthu yemweyo, ponena zimene maso ake anaona, anatsala pang'ono kuwaphanso kachiwiri. Ndinaphunziranso kwa mayi kuti munthu amene wasowa sangadziyankhire, ndipo otsala akatopa msanga, bodza ndilo limakhala manda ake.

Mwana wanga woyamba ndi wamwamuna. Achibale ena anandilangiza kuti dzina la munthu wotayika panyanja silipatsidwa kwa khanda, lingamutengere tsoka. Ndinawathokoza chifukwa cha malangizowo, n'kumutcha Lafaele. Akamasewera padoko, ngakhale ali pafupi poti n'kumukodola ndi dzanja, ndimamuitana mokuwa kuti doko lonse limve.