Ndinasaina Osasuzumira M'siling'i

Anzanga, Kombo ndinakumana naye ku Kariakoo, pa nyumba ya nsanjika zisanu imene inkamangidwa. Ine Tunu ntchito yanga ndi yojambula mapulani a mapaipi ozimitsa moto, aja amadutsa m'siling'i n'kukathera pa timitu tamkuwa timene timapopera madzi tokha kukatentha. Iyeyo anali kontilakita woika mapaipiwo.

Tsiku loyamba lomwelo tinakangana. Akuti paipi yaikulu ndainenepetsa dala, ine ndinamuuza kuti akawerenge kaye masamu a pampu ndiye adzatsegule pakamwa. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Injiniya, ukali wonsewu mumadya chiyani?"

Pa lanchi anandigulira chipsi mayai, tchipisi chokazingira m'mazira, basi zinayambira pomwepo...

Abale, munthu uja amadziwa kusamala mkazi. Bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kundidikira pageti, foni m'mawa uliwonse. Chaka chisanathe akwawo anali atafika kale kwathu ku Temeke kudzafunsira mbeta.

Ntchito itatha ndinayenera kuyendera nsanjika iliyonse, kusuntha siling'i, kuona paipi ndi maso angawa, kutsegula valavu yakumapeto kuti madzi atuluke, kenako kusaina. Zitatu zam'munsi ndinaterodi. Tikukwera yachinayi Kombo anati kwatentha, ndatopa, zapamwambazo anaziyesa yekha dzulo, kodi mwamuna wanga wamawa sindikumukhulupirira? Ndinayang'ana timitu tili ndandanda kudenga, tikunyezimira. Ndinasaina nditatsamira paphewa pake.

Mwezi watha ndinapita kukayezetsa diresi laukwati kwa Bi Mwanaidi, telala amene anachita lendi pansanjika yachisanu ya nyumba yomweyo. Mmenemo munali azimayi osoka makumi atatu, nsalu milumilu mpaka pazenera, nsimbi zili pamoto, masitepe otulukira amodzi okha. Ali mkati mondiyeza m'chiuno ndinakweza maso. Bolodi limodzi la siling'i linali litapendekeka ndi chinyezi, kamutu kamkuwa ka pamenepo kali lende. Kumbuyo kwake kunalibe paipi. Anangokamata ndi guluu.

Ndinakwera pa tebulo lodulira nsalu, mapini ali m'diresi, n'kusuzumira ndi tochi ya foni. Fumbi ndi akangaude basi, mpaka kukhoma. Bi Mwanaidi anafunsa ngati mkwatibwi wazungulira mutu.

Kombo ndinakamupeza pa saiti ina ya zomangamanga. Sanakane n'komwe. Akuti mwini nyumba ankamuthamangitsa, mapaipi anachedwa kudoko, ankati adzamalize ukwati ukadutsa.

"Muli anthu mmenemuja, Kombo. Waya mmodzi angothetheka..."

"Moto wake uti? Ndipo usaiwale bebi, dzina limene lili papepala si langa."

Ananena mofatsa, akupukuta magalasi ake. Apa m'pamene ndinayamba kumuopa.

Masiku anayi ndinkangozengereza. Galimoto ya ozimitsa moto ikalira mumsewu ndinkathamangira pafoni kufunsa kuti kwapsa kuti. Tsiku lachisanu ndinalemba kalata, n'kukaipereka ndekha kwa oyang'anira za moto.

Nsanjika ziwirizo azitseka. Azimayi aja akunditukwana kuti ndawagonetsa ndi njala, amayi anga sakundiyankhula, ndipo ndaitanidwa ku bungwe la mainjiniya. Laisensi mwina ipita. Kombo anangotuma mlongo wake kudzatenga mphete yake ya chitomero.

Zonsezo ndavomera, anzanga, ndinazifuna ndekha. Chimene chikundidya n'chakuti pali nyumba zina zitatu zimene anaikamo mapaipi, ine n'kusaina chimodzimodzi. Eni ake sakundilola kulowa, oyang'anira akuti ndidikire, afikako. Ndinamupempha Kombo angondiuza kuti yabwino ndi iti, anandibuloka pafoni.

Imodzi mwa izo ndi hositelo ya atsikana a sekondale, ndipo sukulu akutsegulira Lolemba.