Kapu ya Nduna pa Mjigo Watsopano

Ntchito yanga inali yoyeza madzi. Ndinkatunga m'mabotolo, kupita nawo kulabotale, n'kulemba zimene ndapeza, zabwino kapena zoipa. Chaka china boma linakumba mjigo kuseri kwa msika ku Area 1, ndipo nduna inali yoti idzautsegulire Lachisanu. Ndinayeza madzi ake katatu. Katatu konse ndinapezamo tizilombo tochokera m'zimbudzi, zomwe zinali pafupi moti ngakhale mphuno ikanatha kulemba lipotilo.

Lolemba ndinatumiza lipoti ku City Centre. Lachitatu abwana anga anandiitanitsa, osati kuofesi koma kunyumba kwawo ku Area 14. Kuntchito kwathu aliyense ankadziwa kuti nkhani ikapita kunyumba, ndiye kuti sakufuna kuti ilembedwe. Ndinakwera minibasi n'kupita.

Anandikhazika pakhonde, n'kuyamba ndi kufunsa za ana. Kenako anati akuluakulu aliona lipotilo ndipo silinawasangalatse. Atolankhani anali ataitanidwa kale, amayi ovina atayamba kuyeserera nyimbo. Anati mwina mabotolo anga ndiwo anali akuda. Pamenepo zinandiwawa, chifukwa mabotolo amenewo ndinkawasamala kuposa mbale za kunyumba kwanga. Ndinapempha kuti ndiyezenso iwo akuona. Anati nthawi palibe, n'kundikankhira pepala lina lotayipa kale, lonena kuti madziwo ndi abwino. Linangotsala dzina langa.

“Palibe akukukakamizani, mayi,” anatero. “Kungoti kumalire a dziko uko akufuna munthu wa ntchito yanuyi. Ana anu ali pasukulu yabwino kuno, eti?”

Ndinasaina. Ndinasaina bwinobwino monga masiku onse.

Pamwambo wotsegulira mjigo, mlendo wolemekezeka amapopa yekha, n'kumwa kapu yoyamba anthu akuona. Ndikutuluka pageti, abwana ananditsatira n'kundiuza chapansipansi kuti kapu ya nduna ndidzakonze ineyo, madzi ake ndikagule a m'botolo kusitolo. Mpaka lero zimandikwiyitsa. Lipoti langa anali atalikhulupirira ndithu.

Lachisanu ndinathira madzi a m'botolowo m'kapu kuseri kwa tenti. Nduna inapopa, wina anasinthitsa makapu mwaluso, ndipo inamwa mpaka kugugudiza. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Magalimoto asanachoke n'komwe, amayi anali atandanda kale ndi zidebe.

Mmodzi, wogulitsa mandazi amene ankandiona ndikutunga madzi okayeza aja, anandigwira dzanja, mwana ali kumsana.

“Adokotala, ndiye basi tisiye zowiritsa madzi? Makala akutivuta.”

Abwana anali ataima pafupi, maso ali pa ine. Botolo lopanda kanthu lija linali m'chikwama changa.

“Mwaona nokha, mayi,” ndinatero. “Nduna yamwa.”

Anathokoza, n'kumasula mwana uja kuti amumwetse.