Tsiku Limene Ndinajambula Achimwene pa Siteji

Ndikukumbukira Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, fodya atagulitsidwa kale ndipo zigafa za kwathu ku Kaomba zili pululu. Pabwalo la mpira pa boma la Kasungu panali phwando la magulu oimba, ndipo achimwene anga a Limbani ankaimba gitala m'gulu la anyamata a m'mudzi mwathu. Kunali kuimba kwawo komaliza, chifukwa Lolemba lake ankanyamuka kupita ku Joni kukafuna ntchito.

Amayi sankaufuna ulendowo. Sabata yonse sanalankhule nawo, ndipo atamva za phwandolo anangoti, "Ine zimenezo ayi," n'kupitiriza kusenda mtedza. M'nyumba mwathu munalibe chithunzi cha achimwene ngakhale chimodzi, choncho ndinakabwereka kamera kwa azakhali, omwe anali namwino. Anandichenjeza kuti batire lake silichedwa kutha.

Siteji inali lole yonyamula fodya, atayiika masipika mbali zonse. Jenereta inkalira kuseri, mphepo ikuulutsa fumbi ndi makoko a nzimbe. Gulu la achimwene litakwera, anthu anakhamukira kutsogolo, ine n'kutsala ndikuona misana yokhayokha. Ndinathamangira kumanja, ndinabwerera kumanzere, ndinakwera pa njinga ya kabaza mwini wake n'kunditsitsa. Paliponse ndinkangodina batani la kamera. Poyang'ana pa kagalasi ka kamera ndinkapeza mutu wa munthu wina, mwendo wa sipika, kapena achimwene atasanduka utsi. Kachizindikiro ka batire kanayamba kuphethira.

Pafupi ndi tayala la lole panali mayi wina wovala thalauza, kamera yaikulu ili pakhosi. Sindinawadziwe dzina. Anandigwira pamkono.

"Iwe mwana, wandiponda kawiri. Ukusaka ndani?"

"Achimwene, agitala aja. Akupita ku Joni."

Anandiyang'ana, kenako anasuntha n'kundiimika patsogolo pawo. "Zimitsa kaye kamerayo. Ima pompano, uwayang'ane ndi maso ako. Ukadzaona nkhope yasintha, pamenepo ndiye uyatse."

Kuima kumeneko kunandivuta koposa kuthamanga kuja. Mapazi ankandiyabwa. Nyimbo imodzi inatha, ina n'kuyamba, ine ndikuganiza kuti atsika ndisanajambule kanthu. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuona zimene sindinazionepo: momwe achimwene ankalumira mlomo akafika pamalo ovuta, thukuta likutsika m'khosi, zala zakuda ndi utomoni wa fodya zikuthamanga pa nsambo.

Mkati mwa nyimbo yomaliza anadzutsa mutu, maso n'kuima malo amodzi kutali kuseri kwa anthu. Mlomo uja anausiya. Nkhope inafewa ngati ya kamwana. Ndinayatsa kamera, ndinadina kamodzi, kagalasi n'kuda.

Nditacheuka ndinawaona amayi anga. Anaima pansi pa mtengo wa mthethe, pomwe panali ogulitsa mandasi, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Sankavina, sankaombanso m'manja. Nyimbo itatha anatembenuka n'kuyamba ulendo wakumudzi, osadikira aliyense.

Lolemba m'mawa amayi anawaperekeza achimwene mpaka pamsewu, atawasenzera chikwama. Mawu amene ndinamva anali ochepa: "Ukafika utidziwitse."

Chithunzicho chinatuluka chopendekeka, mutu wa gitala utaduka. Amayi atachilandira anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa, "Apa amayang'ana chiyani?"

"Inuyo," ndinatero.

Analowa nacho kuchipinda.

Achimwene adakali ku Joni, amasamalira maluwa pakhomo pa anthu, ndipo gitala anasiya. Ine kujambula oimba ndiyo ntchito imene ikundidyetsa lero, ndipo mapazi amandiyabwabe gulu likangoyamba. Koma ndazindikira kuti kuthamanga kwanga kwa tsiku lija sikunali kusaka malo abwino ojambulira. Ndinkaopa kuti munthu akundichokera, ndipo manthawo ankandilepheretsa kumuona pamene adakalipo. Wapaulendo sungamuletse. Chimene ungathe ndi kuima, n'kumuyang'anitsitsa asananyamuke.