Madiresi a Amayi pa Chingwe

Dzulo nditatsegula kabati ya zovala, fungo la chuku linandibwezera ku Kaning'ina ku Mzuzu, m'nyumba ya boma imene bambo anapatsidwa atawasamutsa kuchokera ku Salima.

Chaka chimenecho tinabwerako ku tchuthi tili awiri, ine ndi bambo. Amayi anatsala kwawo ku Salima, ndipo bambo anati amayiwo sakupeza bwino. Chisanu cha Mzuzu sitinkachidziwa, choncho tinkatseka mawindo onse usana ndi usiku, mpaka nsapato zinamera chuku. Loweruka lililonse bambo ankakolopa, kupukuta makoma, kenako n'kutulutsa madiresi a amayi kukayanika pa chingwe, ngakhale dzuwa linkangosuzumira. Ine ndinkakhulupirira kuti zovala amaziyanika mwini wake akatsala pang'ono kufika. Ndinkasesa pabwalo mobwerezabwereza, n'kukhala pakhonde ndekha, maso kumsewu.

Tsiku lina a NyaGondwe, oyandikana nafe nyumba, anaima pa mpanda.

"Monire, adada! Mukudzivutitsa chomene. Kuno sititseka mawindo choncho, tsegulani mphepo idutse. Nanga amama abwera liti?"

"Mwezi wamawa," anatero bambo, akufinya chikolopa.

Mwezi wamawawo utakwana, anasita madiresi onse mosamala, n'kuwapinda m'sutikesi. Ndinadumpha ndi chimwemwe.

"Ababa, tikukawatenga amayi?"

"Ayi, Tadala. Sutikesiyi ipita yokha pa basi. Katenge tsache."

Ndinamvetsa nditakula kuti banja linali litatha tisanakwere basi ku Salima, ndipo chimene chinawatsalira bambo chinali kubweza zovala za eni ake zopanda banga.