Kuperekeza a Mbwana Kwawo ku Nkhotakota

Mvula itadula pakati pa Januwale, fodya wathu ku Kaomba anayamba kufota masana aliwonse. Pa ng'amba yotere mlimi amangoyang'ana kumwamba, ndiye a Mbwana anati ndiwaperekeze kwawo ntchito isanachuluke. A Mbwana anali tenanti wanga kwa zaka khumi ndi ziwiri, katswiri posankha fodya, koma tsopano miyendo inali itatupa ndipo mpweya unkawathera. Ku Nkhotakota anasiyako mkazi, ndipo chichokereni sanapondeko phazi kapena kutumiza uthenga. Mantha awo anali amodzi, kuti akawabweza pakhomo.

Tinanyamuka m'mamawa pa njinga zamoto ziwiri mpaka pa Kasungu. Kudepoti kondakitala analumbira kuti minibasi yatsala munthu mmodzi kuti idzaze. Munthu mmodziyo tinamudikira maola awiri. Tinalipira K12,000 aliyense, a Mbwana ndinawapezera mpando wakutsogolo kuti awongole miyendo.

Pa Malomo tinafika cha m'ma 11 koloko. Ndinagula zitumbuwa, koma anzangawo anangozifumbata osaluma.

Polowa m'nkhalango dalaivala anati titseke mawindo kuopa kashembe. Mayi wina amene anafungatira nkhuku anati, "Achimwene, ntchentche yakana kutipha ndiye mwati tiphikike?" Tonse tinaseka, koma mawindo tinatseka. Patsogolo pang'ono njovu zitatu zinadutsa msewu mosafulumira, ngati mabwana. Ndiulule, ine woyandikana ndi Lifupa, malo a nyama zakutchire kwathu ku Kasungu, ndinali ndisanaonepo njovu, moti ndinangoti kukamwa yasa.

Titatuluka m'nkhalango msewu unatsetsereka, nyanja ija n'kutulukira kutsogolo, mbee, mpaka kumene maso alekeza. Kwathu timati anthu a kunyanja ndi alesi, amangodziwa kukhala pamchenga. Bodza lenileni. Ndinaona amayi ali m'madzi olekeza m'mawondo akuwokera mpunga dzuwa lili paliwombo. Minda yachinangwa inali biriwiri, mitengo ya mango ikuluikulu yoti mudzi wonse n'kukhala pamthunzi, njinga zikudutsana zitasenza madengu a nsomba. Nsanje inandigwira. Madzi onsewa angokhala, fodya wanga akufa ludzu!

M'tauni tinafika 1 koloko itadutsa, malaya atamatirira kumsana. Tinalowa m'kanyumba kodyera pafupi ndi msika, ndinadya mpunga ndi chambo pa K6,000. Fungo la mpunga umenewo lokha ndi ndiwo. Mwini malo atamva kalankhulidwe kanga anati, "Ndinu akumtunda eti? Mutuwo musasiye, nsomba ili m'menemo."

A Mbwana anapempha kuti tiyambe tapita ku akasupe a madzi otentha, kunja kwa tauni. Madzi amatuluka pansi akufuka nthunzi popanda wosonkhezera moto, anthu akusamba ndi kuchapa ulere. A Mbwana anasamba nthawi yaitali. "Ndisakafike ndikununkha fodya," anatero.

Cha m'ma 3 koloko tinafika pamzikiti wa m'dera lawo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti, "Bwana, tsogolani ndinu. Nyumba yachitatu mukadutsa pamjigo. Dzina lawo ndi mayi Asiyatu. Akakana, musadzandibisire."

Ndinayenda ndikukonza mawu m'mutu. Ine ndine mkulu wa mpingo, milandu ya mabanja ndaweruza yambiri, koma tsiku limenelo ndinadutsa pamjigo mawu ndisanawapeze. Ndinapeza nyumba yamalata, pabwalo posesa bwino, mayi wamtali akuyanika chinangwa pathandala. Ndinaodira, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, kenaka ndinayamba kuzungulira nkhani monga tichitira kwathu.

Anandidula. "Ali moyo?"

"Ali moyo, mayi, koma akudwala. Miyendo yatupa."

"Ali kuti?"

"Pamzikiti paja, pansi pa mango."

Anandiyang'ana mpaka ndinagwetsa nkhope. "Inu bambo, munthu wodwala mwamusiya pansi pa mtengo kuti mudzandiuze miyambi?" Anamanga chitenje, naitana wakabaza amene ankadutsa kuti akatenge a Mbwana. Akutuluka pachipata anatembenuka. "Musaganize kuti ndakhululuka. Nyumba iyi ndamanga ndekha, ana ndaphunzitsa ndekha. Zimenezo tidzakamba akachira. Lero agone m'nyumba."

A Mbwana atafika sanathe kukwera khonde. Mayi aja anawagwira m'khwapa kumanja, ine kumanzere, tinawalowetsa. Bamboyo misozi inali chuchuchu, ndipo inenso ndinayamba kufufuza kampango m'thumba.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi yobwerera ndekha, nditanyamula kathumba ka mpunga kamene mayi Asiyatu anandikakamiza kulandira. Tauni ija ndinaikonda, ndipo ndidzapitanso. Koma njira yonse manyazi ankandidya. Zaka khumi ndi ziwiri munthu akugona kuseri kwa chigafa changa, ndinkadziwa mabelo angati amasankha pa sabata, koma dzina la mkazi wake ndinalimva dzulo lake.