Makapisozi Amene Ndinapatsa Atate

Ndinazindikira kuti atate akudwala tsiku lina tikuchokera ku Chanyanya kokagula nsomba zouma. Anaimitsa njinga kanayi, n'kumakaima kuseri kwa tchire nthawi yaitali. Ulendo womaliza anabwera thalauza litanyowa kutsogolo. Anali munthu waukhondo, wosita ngakhale kampango ka m'thumba. Sitinayang'anane mpaka tinafika ku Nangongwe.

Amayi ndiwo anandinong'oneza kuti kuchipatala anawauza kuti pulositeti yatupa, kachiwalo kamene kamapanikiza njira ya mkodzo amuna akamakalamba. Atate anafunika kubwererako kuti akawapime, koma atamva kuti kupimako n'kolowetsa chala kumbuyo, anakana. "Kamwana kaja kamene ati ni dokotala kanivule ine? Sinibwelelako," anatero.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa mankhwala a zitsamba pakantemba, kasitolo kanga kakang'ono, ndipo ndinkawaoda kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Botolo lina la makapisozi linali ndi chithunzi cha nthanga za maungu ndi mkulu wina akumwetulira. Ndinalitengera kunyumba.

"Batate, muzimwa aya," ndinatero. "Ni va mitengo chabe. Kuchipatala simuzayendako futi."

Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, ndipo ndinkawakhulupirira.

Anamwa miyezi isanu. Ndikafunsa kuti muli shani, ankati, "Nili che bwino, mwanangu," ine n'kumakauza makasitomala kuti ngakhale atate anga achira. Lamlungu lina masana, tikuchokera kotamanda, tinawapeza atagwada pakhonde, atagwira m'munsi mwa mimba, thukuta lili kamukamu. Mkodzo unali utatsekeka kuyambira dzulo lake.

Kuchipatala anawalowetsa kapaipi. Dokotala anayang'ana botolo lija, n'kundibwezera osakwiya. Anati mwina makapisoziwo sanawapweteke, koma miyezi imene tinakhala kunyumba inalola kuti mkodzo uzibwerera m'mbuyo mpaka impso zinavulala. Akanandikalipira, mwina mtima ukanapepuka.

Atate ali moyo. Amayenda ndi kathumba ka mkodzo komangirira pamwendo, podikira opaleshoni. Sanandinenepo kanthu. Tsiku lina anangoti, "Nenze kukunamiza kuti nili bwino, nenze kuopa kuononga bizinesi yako." Ndinalowa m'bafa n'kulira.

Pano ndimagulitsa sopo ndi tomato. Amuna achikulire amabwerabe, n'kudikira kuti akazi achoke, kenaka amafunsa motsitsa mawu za botolo la nthanga. Ndimawauza kuti ayambe akapimitsa. Amagwedeza mutu mwaulemu, ndipo ndimawaona akulowera pakantemba kena.